Maginito si chithumwa cha injini

Munthu amene adapitako kuchigayo m'dera la mfumu yaikulu Lundu m'boma la Chikwawa, kaya ndi kwa Mbewe kapena pa Nchalo, mwina adaonapo kachitsulo kakuda kozungulira katamatikidwa pakamwa pa chigayo, pamene amayi amathirira chimanga kapena mapira. Kachitsuloko ndi maginito, ndipo nthawi zambiri amakhala ochotsa kusipika ya wailesi yakufa. Ntchito yake n'njodziwika: kugwira misomali, mabawuti, mawaya ndi masingano olowerera m'chimanga asanakang'ambe sefa kapena kuphwanya nyundo za chigayo. Mwini chigayo akamaweruka madzulo amapeza tizitsulo titakakamira pamaginitopo, ndipo palibe angamuuze kuti chipangizo chakecho n'chopanda pake.

Nzeru yomweyi idasamuka pakamwa pa chigayo n'kukafika kuinjini. Ena amati ngati maginito akugwira msomali m'chimanga, angalephere bwanji kugwira tizidutswa ta chitsulo timene timasakanikirana ndi oyilo injini ikamagwira ntchito? Ndiye amatenga maginito a sipika kapena a m'kompyuta yakufa n'kuwamata kunja kwa fyuluta ya oyilo. Palinso makampani akunja amene amapanga maginito opindika bwino kuti azikwana pafyuluta, ndipo amawatsatsa pa intaneti ndi malonjezo akuti injini ikhalitsa komanso oyilo sada msanga.

Chilungamo chake n'chakuti maginito pafyuluta amagwiradi kanthu, koma kanthuko n'kochepa poyerekeza ndi zimene zimapha mainjini kuchigwa cha Shire. Amene wamata maginito n'kumasinthabe oyilo ndi fyuluta panthawi yake sadalakwe. Koma amene wamata maginito kuti aziyenda nthawi yaitali osasintha oyilo wadzitchera msampha, ndipo tsiku lina adzalipira ndalama zambiri kuposa zimene ankafuna kupulumutsa.

Nkhaniyi ingaoneke ngati ya amakaniko okha, komatu kwa Lundu injini ndi chakudya cha banja. Chigayo cha dizilo chikafa, mwini wake amasowa ndalama ndipo amayi amasenza matumba mtunda wautali kukasaka chigayo china dzuwa lili pamutu. Pampu ikafa m'mwezi wa Ogasiti, chimanga cha kudimba m'mbali mwa Shire chimafota mlimi akuona. Mnyamata wa kabaza amene adatenga njinga yamoto pangongole sagona tulo injini ikayamba kulira zachilendo. Onjezerani maminibasi otsika ndi kukwera mapiri a pa Thabwa popita ku Blantyre, ndi mathirakitala okoka nzimbe kupita kufakitale ya shuga ya pa Nchalo, mupeza kuti chuma cha derali chimayenda pa oyilo.

Zaka zapitazi zidaonjezera kufunika kwa mainjini amenewa. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la pa Kapichira, dziko lidataya mphamvu ya magetsi pafupifupi mamegawati 130, ndipo makina a pamalowo adayambanso kugwira ntchito mu 2023. Nthawi yonseyo magetsi ankazimazima, ndipo majenereta ndi zigayo za dizilo ndizo zidasenza mtolo. Kenaka ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kudzachepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Oyilo, mafyuluta ndi masipeya zonse n'zochokera kunja, choncho mitengo yake idakwera. Munthu wopanikizika chotere akamva kuti maginito aulere atha kutalikitsa moyo wa oyilo, n'zosadabwitsa kuti amatchera khutu.

Kuti munthu aweruze bwino nkhaniyi, ayenera kudziwa kaye zimene zimachitika m'kati mwa injini. Oyilo amakhala pansi m'sampu. Pampu ya oyilo imamukoka, kumudutsitsa m'fyuluta, kenaka kumukankhira m'tinjira topita kumabering'i, kukirankishafuti, kumapisitoni ndi kumutu kwa injini. Kumeneko amapanga kansalu kopyapyala pakati pa zitsulo kuti zisakhudzane, amachotsako kutentha ndiponso amatsuka zinyalala. Fyuluta ndi chitini chachitsulo chokhala ndi pepala lopindapinda m'kati. Oyilo amadutsa, zinyalala zimatsala papepalapo. Chipangizochi si chatsopano: fyuluta yoyamba ya oyilo wa galimoto, yotchedwa Purolator, idapangidwa ku America mu 1923 ndi Ernest Sweetland ndi George Greenhalgh.

Kukula kwa zinyalalazi amakuyeza m'ma micron. Milimita imodzi ikagawidwa ka 1,000, gawo limodzi ndiye micron. Tsitsi la munthu ndi lonenepa pafupifupi ma micron 70, ndipo diso limalephera kuona kanthu kochepera ma micron 40. Mafyuluta wamba a galimoto amagwira bwino zinyalala za ma micron 20 mpaka 40 ndi zokulirapo, koma tochepera apo tambiri timadutsa. Vuto n'lakuti tating'onoto n'timene timatha kulowa pampata wa pakati pa bering'i ndi shafuti, kapena pakati pa maring'i ndi silinda, n'kumapala chitsulo pang'onopang'ono.

Mu 1988 katswiri wina wa kampani ya General Motors, David Staley, adatulutsa zotsatira za kafukufuku amene mpaka lero amatchulidwa pankhaniyi. Iye adapeza kuti fyuluta yogwira ma micron 30 idachepetsa kuperepeseka kwa injini ndi theka poyerekeza ndi yogwira ma micron 40, ndipo yogwira ma micron 15 idachepetsa ndi 70 peresenti. Otsatsa maginito amakonda mfundo imeneyi. Iwo amati popeza fyuluta imaphonya tizidutswa tating'ono, maginito ndiwo angatigwire, chifukwa maginito sasankha kukula kwa kachitsulo. Apa akunena zoona, ndipo sibwino kuwatsutsa pongofuna kutsutsa.

Alinso ndi umboni wina wooneka ndi maso. Opanga magalimoto eni ake amaika maginito pabawuti yotulutsira oyilo wa m'giyabokosi ndi m'difu ya magalimoto ambiri, komanso pansi pa giyabokosi ya magalimoto osintha okha magiya. M'ndege ndi m'mahelikopita muli tizipangizo ta maginito toviikidwa mu oyilo timene timachenjeza woyendetsa kapena makaniko tikagwira tizitsulo. Ngati akatswiri opanga ndege amakhulupirira maginito, mwini chigayo wa kwa Mbewe alakwa chiyani?

Yankho lili pa malo amene maginitowo amaikidwa ndi ntchito imene amapatsidwa. M'giyabokosi ndi m'difu muli magiya achitsulo okhaokha olumana, kawirikawiri mulibe fyuluta yapepala, mulibe moto, ndipo fumbi sililowa kwambiri. Zinyalala za mmenemo pafupifupi zonse ndi chitsulo, choncho maginito ali pamalo ake, monga alili pakamwa pa chigayo. M'ndege namo ntchito yaikulu ya maginito si kuyeretsa oyilo ayi, koma kuulula kuti chitsulo china chayamba kudyeka. Ndipo m'malo onsewa maginito amakhudzana ndi oyilo mwachindunji, osati kukhala kuseri kwa chitini.

Injini n'njosiyana. Maginito amakoka chitsulo, koma sakoka aluminiyamu, mkuwa kapena mtovu. Mapisitoni a mainjini ambiri ndi a aluminiyamu. Mabering'i a kirankishafuti amakutidwa ndi zitsulo zofewa monga aluminiyamu, mkuwa ndi mtovu. Izi zikamaperepeseka zimadutsa pamaginito ngati palibe kanthu. Maginito sakokanso mwaye umene umadetsa oyilo wa injini ya dizilo, sakoka madzi, sakoka petulo kapena dizilo wodonthera m'sampu, ndipo sakoka mchenga.

Mchenga ndi fumbi ndiye mdani wamkulu wa injini kwa Lundu. Kuyambira Juni mpaka mvula itagwa, misewu yochoka mu M1 kulowa m'midzi imakhala fumbi lokhalokha. Lole ya thonje kapena thirakitala ikadutsa, wa kabaza amene ali pambuyo amameza fumbilo, ndipo injini yake imamezanso. M'chigayo namo mumakhala fumbi la ufa ndi la dothi tsiku lonse. Gawo lalikulu la fumbi la dothi ndi timiyala ta mchenga, ndipo timiyala timeneti n'tolimba kuposa chitsulo cha silinda. Tikalowa m'injini timagwira ntchito ngati sandipepa. Tizidutswa ta chitsulo timene maginito amagwira nthawi zambiri timakhala zotsatira za kupala kumeneku. Ndiye kuti maginito amatola utuchi, pomwe macheka akupitiriza kudula.

Ngakhale kafukufuku wa 1988 uja, umene otsatsa maginito amaudalira, udachitika mothira dala fumbi loyesera mu oyilo kuti injini ithe msanga. Chimene chidapala mainjini amenewo chidali fumbi, ndipo chimene chidawateteza chidali fyuluta yabwino. Phunziro la kafukufukuyo ndi lakuti munthu agule fyuluta yosefa bwino ndipo atsekereze fumbi, osati akafunefune sipika yakufa.

Khomo lalikulu la fumbi ndi fyuluta ya mpweya, imene amakaniko amaitcha eyakilina. Pa lita imodzi iliyonse ya petulo imene injini imaotcha, imameza mpweya wokwana malita pafupifupi 10,000. Ngati eyakilina yang'ambika, ngati paipi yake yasweka n'kumangidwa ndi mphira, kapena ngati wina adaichotseratu poganiza kuti njinga izithamanga kwambiri, fumbi lonse la mumpweyawo limalowa m'silinda. N'zomvetsa chisoni kuona injini ili ndi maginito onyezimira pafyuluta ya oyilo pomwe eyakilina yake ndi chinkhupule chong'ambika. Ameneyo wakhoma zenera ndi loko, chitseko n'kuchisiya pululu.

Palinso nkhani ya mphamvu ya maginitowo. Chitini cha fyuluta n'chachitsulo, choncho chimameza gawo la mphamvu ya maginito isanafike pa oyilo. Maginito a sipika, amene ndi a mtundu wa ferrite, amapirira kutentha koma mphamvu yawo n'njochepa, ndipo yotsala ikadutsa chitinicho imangofika pa oyilo amene akuyenda m'mbali mwenimweni. Oyilo wina yense amadutsa mothamanga. Maginito amphamvu ndi a neodymium, monga a m'kompyuta aja, amene adatulukiridwa m'zaka za m'ma 1980 ndi makampani a General Motors ku America ndi Sumitomo ku Japan. Mwala wokhala ndi neodymium ulipo m'dziko muno paphiri la Kangankunde ku Balaka ndi la Songwe ku Phalombe. Koma maginito wamba a neodymium amayamba kutaya mphamvu kutentha kukadutsa madigiri 80, pomwe oyilo wa injini yogwira ntchito amafika madigiri 90 mpaka 110. Opirira kutentha koteroko alipo, koma ndi okwera mtengo. Kuchigwa kumene mu Okutobala ndi Novembala kunja kokha kumatentha kupitirira madigiri 40, fyuluta sipeza mpata wozizira.

Okhulupirira maginito ali ndi chionetsero chimene amachikonda. Amadula fyuluta yakale ndi sowo, n'kuonetsa chibanga chakuda m'kati mwa chitini, pamalo enieni pamene padali maginito. Chibangacho n'chenicheni, ndipo ndi unga wa chitsulo wosakanikirana ndi oyilo. Koma chimangoonetsa kuti maginito agwira kanthu. Sichionetsa kuti ndi tizidutswa tingati timene tidadutsa osagwidwa, kapena kuti mwa togwidwato ndi tingati timene pepala la fyuluta likadagwirabe. Sichionetsanso kuti injiniyo ikhala zaka zingati kuposa inzake yopanda maginito. N'chifukwa chake opanga magalimoto ambiri, amene amapikisana pa kulimba kwa mainjini awo, saika maginito pafyuluta ya oyilo ngakhale mtengo wake ungakhale wochepa.

Mfundo yaikulu kuposa zonsezi n'njakuti oyilo sasinthidwa chifukwa cha zinyalala zokha. Oyilo amakalamba. Kutentha kumamupsereza, ndipo akatswiri a zamafuta amati kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kuonongeka kwa oyilo limawirikiza kawiri. Mu oyilo mulinso mankhwala amene opanga amathiramo: otsuka injini, oletsa dzimbiri, oletsa thovu ndi othana ndi asidi wochokera ku utsi. Mankhwalawa amatha m'kupita kwa nthawi. Akatha, oyilo amasanduka phala lakuda lotseka tinjira, kapena amapyapyala ngati madzi n'kulephera kulekanitsa zitsulo. Palibe maginito padziko lapansi amene angabwezeretse mankhwala amenewa.

Madzi osefukira ndi vuto lina la kuchigwa. Mu Januwale 2015, mu Malichi 2019 panthawi ya namondwe wa Idai, mu 2022 panthawi ya Ana ndi mu Malichi 2023 panthawi ya Freddy, madera ambiri a Chikwawa ndi Nsanje adamira. Pampu yosiyidwa kudimba, njinga yamoto yooloka Mwanza kapena Nkombedzi madzi ali m'chiuno, chigayo cholowedwa ndi madzi, zonsezi zimatha kumwa madzi ndi matope. Oyilo wosakanikirana ndi madzi amaoneka ngati tiyi wamkaka. Injini yotere siyenera kulizidwa mpaka oyilo ndi fyuluta zitasinthidwa, mwinanso kawiri. Apanso maginito alibe chonena.

Chodabwitsa china n'chakuti mainjini ambiri a kumudzi alibe n'komwe fyuluta ya chitini yoti munthu amatepo maginito. Mapampu a petulo othiririra ndi majenereta ang'onoang'ono ambiri alibe fyuluta ya oyilo ngakhale pampu ya oyilo. Kachitsulo kena kamangowaza oyilo injini ikamazungulira. Njinga zamoto zambiri za kabaza zili ndi kasefa kawaya ndi kachipangizo kozungulira kamene kamaponyera zinyalala m'mbali. Mainjini ambiri a dizilo a silinda imodzi a m'zigayo nawo amadalira sefa yawaya. Makina oterewa amatenga oyilo wochepa: injini yotchuka ya Honda GX160, imene mapampu ambiri adatengera kapangidwe kake, imalowa malita 0.6 okha, ndipo buku lake limati oyilo woyamba asinthidwe pakatha maola 20, kenaka maola 100 aliwonse. Oyilo wochepa chotere amatopa msanga.

M'mainjini amenewa ndi mmene maginito angathandizeko kwenikweni, koma akhale pabawuti yotulutsira oyilo kapena pakamtengo koyezera oyilo, pamene akukhudzana ndi oyiloyo. Popeza palibe pepala losefa, kachitsulo kalikonse kamene maginito agwira n'kamene kakadazungulirabe m'injini. Izi zimathandiza makamaka injini ikakhala yatsopano kapena yongomangidwa kumene, pamene zitsulo zikuzolowerana ndipo zimatulutsa tizidutswa tambiri. Mabawuti okhala ndi maginito amagulitsidwa opangiratu, ndipo ndi abwino kuposa kumata maginito ndi guluu, chifukwa akamatuka m'kati mwa injini amakaononga zambiri.

Phindu lalikulu la bawuti yotere ndi uthenga umene imabweretsa. Makaniko akamasula bawuti n'kupeza kaunga kakuda kosalala ngati mwaye, palibe chodetsa nkhawa, ndi mmene injini imathera. Akapeza tizitsulo tonyezimira tomveka m'zala, kapena tooneka ngati timinga, ndiye kuti giya, shafuti kapena chitsulo china chikudyeka, ndipo mpofunika kutsegula injini isananoke. Uthenga wotere ungapulumutse kirankishafuti, imene mtengo wake umaposa kutali wa bering'i. Koma maginito omatidwa kunja kwa fyuluta sapereka uthenga umenewu pokhapokha wina atadula chitinicho, ndipo ndi ochepa amene amatero. Fyuluta yakale imatayidwa pamodzi ndi umboni wake.

Choopsa chenicheni cha maginito, tsono, sichili m'chitsulo koma m'mutu mwa mwini injini. Mwini minibasi amene ankasintha oyilo pa makilomita 5,000 aliwonse akauzidwa kuti maginito akuyeretsa oyilo, amayamba kufika 8,000, kenaka 10,000. Mwezi woyamba palibe chimene chimachitika, wachiwiri chimodzimodzi, ndipo iye amayamba kulangiza anzake pasiteji. Injini siifa tsiku limodzi. Imayamba kudya oyilo, kutulutsa utsi wabuluu, kulephera kukwera mapiri a pa Thabwa itadzaza, mpaka tsiku lina imanoka pakati pa ulendo. Pofika apo palibe amakumbukira za maginito. Ena amaloza dalaivala, ena amaloza makaniko, ena mpaka amaganizira mnansi wansanje. Chonsecho pakadafunda padajiwitsa galu.

Fyuluta yokhalitsa ili ndi chinsinsi chimene eni magalimoto ambiri sachidziwa. M'kati mwake, kapena pamene imamangidwa, muli kavalavu kamene kamatseguka pepala likatsekeka ndi zinyalala, kuti injini isasowe oyilo. Opanga adaona kuti oyilo wakuda ndi wabwino kuposa kusowa oyilo. Kavalavuko kakatseguka, oyilo amalambalala pepala n'kupita kumabering'i osasefedwa, ndipo palibe nyali imene imayaka kudziwitsa dalaivala. Munthu akhoza kuyenda miyezi akuganiza kuti ali ndi fyuluta, pomwe ali ndi chitini chabe chokhala ndi maginito kunja.

Mafyuluta achinyengo ndi oyilo wosadziwika kochokera n'zoopsa kuposa kusowa maginito. Fyuluta yachinyengo imakhala ndi penti yowala ndi dzina lotchuka, koma m'kati muli pepala lochepa, lomatidwa mwachisawawa, ndipo nthawi zina mulibe kavalavu n'komwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Oyilo woyezedwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu naye palibe angatsimikize mtundu wake, kapena ngati si wakale wongosefedwa pansalu. Wa kabaza amagula wotereyu chifukwa ndi amene angakwanitse tsiku limenelo, ndipo umphawi si mlandu. Koma njinga yake imalowa oyilo pafupifupi lita imodzi yokha. Anyamata anayi kapena asanu a pasiteji imodzi atasonkherana n'kugula chigubu chomata cha malita 5, cholembedwa mtundu wake monga 20W-50 ndi chizindikiro cha API, aliyense angapeze oyilo wodalirika pamtengo wotsikirapo.

Pali bodza lina loyenda limodzi ndi nkhani ya maginito limene liyenera kukanidwa kotheratu: lakuti maginito omangidwa papaipi ya petulo kapena dizilo amachepetsa kamwedwe ka mafuta. Petulo ndi dizilo sizikokedwa ndi maginito. Bungwe la boma la America loona zachilengedwe, la EPA, lidayesa zipangizo zoposa 100 zimene ankati zimapulumutsa mafuta, kuphatikizapo maginito oterewa, ndipo pa maginitowo silidapeze phindu lililonse. Maginito a pafyuluta ali ndi kachoonadi kake kochepa, koma a papaipi ya mafuta ndi kuba ndalama za anthu masanasana.

Amene asankhabe kumata maginito pafyuluta asamale zinthu zingapo. Asawasunthe kapena kuwachotsa fyuluta ikadali painjini, chifukwa unga wa chitsulo umene udaunjikana umamasuka nthawi imodzi. Achotse fyuluta kaye, maginito pambuyo. Aonetsetse kuti sangagwe n'kukodwa m'lamba kapena m'fani, makamaka m'misewu ya mabampu. Asaponye maginito m'sampu kapena m'kati mwa fyuluta. Ndipo koposa zonse asasinthe ndi tsiku limodzi lomwe nthawi yochitira sevisi. Mabuku a opanga magalimoto amanena kuti galimoto yoyenda m'fumbi, m'kutentha ndiponso yonyamula katundu wolemera ichitidwe sevisi pafupipafupi kuposa nthawi zonse. Zitatu zonsezi ndiwo moyo wa tsiku ndi tsiku kwa Lundu.

Udindo suli pa eni mainjini okha. Bungwe loona za miyezo ya katundu la Malawi Bureau of Standards liyenera kumafika m'misika ya pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu ndi Bangula kukaona mafyuluta ndi oyilo amene akugulitsidwa, osangothera m'mizinda. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene limalandira madandaulo a ogula, liyenera kufunsa umboni kwa aliyense wotsatsa chipangizo ndi lonjezo lakuti chimapulumutsa mafuta kapena kutalikitsa moyo wa oyilo. Bungwe la TEVETA, limene limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, lingathandize amakaniko ophunzirira pansi pa mtengo ndi maphunziro afupiafupi a kasamalidwe ka injini, chifukwa mawu a makaniko ndi amene mwini chigayo amawamvera.

Izi zikufunika kwambiri tsopano pamene ulimi wothirira ukukula m'chigwachi. Ntchito ya Shire Valley Transformation Programme, imene idakhazikitsidwa mu 2020 ndi cholinga chothirira mahekitala 43,370 ndi madzi ochokera pa Kapichira, ikutanthauza kuti magulu a alimi adzakhala ndi mathirakitala ndi makina ena ogulidwa ndi ndalama za gulu, monga zilili kale kwa alimi a nzimbe a ku Kasinthula ndi Phata. Makina a gulu amafuna kabuku kolembamo maola amene agwira ntchito, tsiku limene oyilo adasinthidwa ndi dzina la amene adasintha. Kabuku ka mtengo wochepa kameneka kangateteze thirakitala kuposa maginito aliwonse, ndipo mwini chigayo kapena pampu akhoza kuyamba lero ndi kope la mwana wasukulu.

Maginito a pakamwa pa chigayo asachotsedwe, chifukwa pamenepo akugwira ntchito yooneka. Pabawuti ya sampu, makamaka m'mainjini ang'onoang'ono opanda fyuluta, ndi mlonda wabwino wodziwitsa mwini wake zimene zikuchitika m'kati. Pafyuluta ya oyilo saononga kanthu ndipo akhoza kugwira tizitsulo tochepa, koma asapatsidwe ulemu umene sadaugwirire ntchito. Mwini injini amene ali ndi ndalama zochepa m'thumba ayambe wagula oyilo womata, fyuluta yeniyeni ndi eyakilina yosang'ambika. Zikatsalako, ndiye aganize za maginito.